Masewero atsopano a pa TV ku America mu 2024: mwaonerako ati?

NaBanda (South Bend): Abale pagulu pano, mwaswera bwanji konse komwe muli? Novembala wa 2024 wafika pakati, ndipo masewero atsopano amene makanema akuluakulu a kuno ku America anatilonjeza atuluka pafupifupi onse. St. Denis Medical nalo layamba pa 12. Ndiye ndinene zanga, wokwiya akwiye. Mwa onsewa, oti munthu n'kukhalira pansi alipo awiri basi: Matlock pa CBS ndi High Potential pa ABC. Enawa ndi mkute, angotenthetsa n'kutiikira m'mbale yatsopano. NCIS: Origins ndi Gibbs yemwe uja, mkulu wa ofufuza milandu mu NCIS, angomubweza ku 1991 ali mnyamata, pomwe NCIS yeniyeniyo, imene inayamba 2003, ili mu sizoni ya 22 ndipo sikuonetsa zoti itha. Georgie & Mandy's First Marriage lachokera ku Young Sheldon, Young Sheldon nalo linachokera ku The Big Bang Theory. Kodi ku Hollywood konseko nkhani zinawathera?

Bambo a Chisomo (Dallas): Mayi, Gibbs mumusiye chonde. Ine ndikangomva mawu a Mark Harmon, amene ankasewera Gibbs mu NCIS, akufotokoza nkhani kumayambiriro kuja, mtima umakhala m'malo. Sikuti aliyense akufuna zatsopano. Munthu ukaweruka uli wotopa umafuna anthu owadziwa kale.

Wadada (Seattle): Anti, pepani ndilowerere. Awiri mwasankhawo nawonso si atsopano ayi. Matlock linalipo kale, la Andy Griffith, kuyambira 1986 mpaka 1995. High Potential angotengera sewero la ku France lotchedwa HPI, lomwe linayamba 2021. Kumeneko ndi Audrey Fleurot akukolopa ku polisi ya ku Lille, kuno ndi Kaitlin Olson akukolopa ku polisi ya ku Los Angeles. Kusiyana kwake ndi chiyankhulo basi. Ndiye mwatidzudzulira Gibbs wa ankolo, koma inunso mukudya zomwezo.

Bambo a Chisomo (Dallas): Mwana iwe ukhala ndi moyo wautali.

NaBanda (South Bend): Wadada, ndimadziwa kuti ubwera ndi zimenezo. Tamvera. Amene simunaonere gawo loyamba la Matlock ndipo simukufuna kuululiridwa, uthenga uwu muudumphe.

Gawolo likamayamba umaona mayi wachikulire, Kathy Bates, atavala kajuzi, maswiti ali m'chikwama, akulowa mozemba mu ofesi ya maloya akuluakulu ku New York yotchedwa Jacobson Moore. Palibe womufunsa chifukwa palibe amene akumuona n'komwe. Akuti dzina lake ndi Madeline Matlock, mwamuna wake anamwalira n'kumusiyira ngongole, akulera mdzukulu, ndiye akufuna abwerere pa ntchito ya uloya imene anaisiya kalekale. Iwe umangoti eya, ndi zomwe zija, loya wokalamba wochenjera amene azipambana mlandu sabata iliyonse. Kenako kumapeto akutsika basi, n'kulowa galimoto yapamwamba yokhala ndi dalaivala wake, ulendo ku chinyumba. Mwamuna ali moyo. Dzina lake lenileni ndi Madeline Kingston, ndi wolemera. Mwana wake wamkazi anafa ndi mankhwala opha ululu aja a opioid, ndipo iye akudziwa kuti wina mu ofesi imeneyi anabisa zikalata zimene zikanachititsa kuti mankhwalawo achotsedwe pamsika msanga. Wabwera kudzamupeza. Ngakhale dzina la Matlocklo wangobwereka ku sewero lakale lija, chifukwa m'nkhaniyi nalonso ndi sewero la pa TV loti anthu amalikumbukira.

Ndiye anatikola ndi dzina lakale, n'kutipatsa nkhani ina. Ifenso oonera anatipusitsa momwe anapusitsira maloya aja, chifukwa nafenso tinangoona gogo wa maswiti. Za Gibbs zija zili ndi chiyani chotero?

Mtsikana wa ku 25 (Lilongwe): Aaa anti, ndawerenga ndisanaone chenjezo. Mwandiwonongera!

NaBanda (South Bend): Ndinanena kuti dumphani. Maso ako ndi amene akuthamanga.

Mtsikana wa ku 25 (Lilongwe): Chabwino, ndakhululuka. Koma ndifunse, n'chifukwa chiyani kumeneko zonse zimayambira limodzi mu Seputembala? Kuno za pa Zee World ndi Telemundo zikatha, mawa lake zayamba zina, mwezi uliwonse.

Aphunzitsi (Boston): Mwanawe, ndi nkhani ya otsatsa malonda. Makanema anayi akuluakulu, ABC, CBS, NBC ndi Fox, munthu atha kuonera ulere ndi kamlongoti chabe, ndiye ndalama zawo zambiri zimachokera ku malonda amene amaika pakati pa sewero. N'chifukwa chake sewero la ola limodzi limakhala mphindi 42 kapena 43 zokha, zotsalazo ndi malonda. Mwezi wa Meyi uliwonse makanemawa amaitana otsatsa malonda ku New York, n'kuwaonetsa ndandanda ya masewero a chaka chikubweracho, n'kugulitsiratu nthawi. Kuyambira kale Seputembala ndi mwezi umene makampani a galimoto ankatulutsa galimoto zatsopano, ana abwerera kusukulu, anthu asiya zoyendayenda za nyengo yotentha, kunja kwayamba kuda msanga, aliyense ali m'nyumba. Sizoni imayenda kuchoka pamenepo mpaka Meyi, kale magawo 22 kapena kuposerapo. Kampani ya Nielsen ndi imene imawerenga oonera, ndipo sewero likapanda anthu amatha kulidula lisanafike n'komwe pa Khirisimasi.

Chinanso choti mudziwe, chaka chino chikuoneka chodzaza chifukwa chaka chatha kunalibe kanthu. Olemba masewero ananyanyala ntchito kuyambira pa 2 Meyi mpaka pa 27 Seputembala 2023, masiku 148. Ochita masewero nawo analowa pa 14 Julaye n'kutuluka pa 9 Novembala. Ankalimbirana malipiro a masewero oonetsedwa pa intaneti, komanso zoti makampani asamagwiritse ntchito AI, nzeru zopangidwa za makompyuta, kulemba nkhani kapena kutenga nkhope ndi mawu a munthu popanda chilolezo. Matlock, High Potential ndi Poppa's House onsewa anali oti atuluke sizoni yatha, anachita kudikira chaka.

Bambo a Chisomo (Dallas): Zoona Aphunzitsi. Chaka chatha CBS inafika potionetsa Yellowstone yakale Lamlungu madzulo ngati yatsopano. Masewero athu atabwerera kumayambiriro a chaka chino, NCIS inangokhala ndi magawo 10 basi. Usanakhazikike n'komwe, yatha.

Namwino (Maryland): Ndangotuluka ku shifiti, ndapeza mauthenga ambirimbiri. Achemwali NaBanda, pa Matlock ndili nanu. Koma chimene chinandigwira ine si galimoto ija ayi. Ndi zimene mayiyu amanena, zoti mkazi akakalamba anthu amasiya kumuona, ndipo iye wasandutsa chimenecho kukhala chida. Amene timagwira ntchito m'nyumba zosungira okalamba timaziona tsiku ndi tsiku. Mayi woti anali mphunzitsi wamkulu, wina anali ndi kampani yake, lero ana ake akubwera kudzamuona akuyankhula ndi ine za iye, mwini wake ali pompo akumva zonse. Amamuyankhula mokweza mawu ngati kamwana. Ndiye ndikaona Kathy Bates, wa zaka 76, woti anatenga Oscar mu 1991, akutsogolera sewero n'kumawazunguza mitu anyamata ovala masuti, ndimamva kukoma. Ndipo CBS inalengeza sizoni yachiwiri atangoonetsa magawo awiri okha.

NaBanda (South Bend): Mwandilanda mawu mkamwa asisi. N'chifukwa chake ndinawaika pamodzi awiriwa. Wina saoneka chifukwa ndi wokalamba, wina saoneka chifukwa wagwira chokolopera. Morgan wa mu High Potential ndi mayi wa ana atatu, akukonza mu ofesi ya apolisi usiku, wagwetsa mafayilo, potolera waona kuti apolisi alakwitsa. Wapita pa bolodi lawo, wafufuta pomwe analemba kuti mayi wina ndi woganiziridwa, walemba kuti ndi wolakwiridwa. M'mawa apolisi akuona pa kamera kuti wachita zimenezi ndi wokolopa. Ndani pagulu pano amene sanagwirepo ntchito yoti bwana amakudutsa ngati khoma, iwe uli ndi digiri yako ya ku Chanco m'sutikesi?

Namwino (Maryland): Apo pokha ndiye tisiyana. High Potential ndimaonera, ndimaseka, koma ndi maloto. Wokolopa weniweni akagwira mapepala a bwana, m'mawa mwake ntchito yatha. Akakhala wobwera ngati ife, nkhani ifika mpaka pa mapepala ake a iye mwini. Morgan amamukhululukira chifukwa ndi mzungu, ndi wokongola, ndipo amuika kuti ali ndi IQ ya 160. Ndiye uthenga wake ndi wotani? Kuti wokolopa alemekezedwe pokhapokha akhale ndi nzeru zoposa aliyense mu ofesimo? Nanga wokolopa wamba amene amangogwira ntchito yake bwinobwino?

Wadada (Seattle): Komanso milandu yake ndi yophweka. Pofika mphindi 20 ine ndimakhala nditadziwa kale wakupha.

NaBanda (South Bend): Wadada, iwe umaonera ndi foni m'manja kufufuza mayankho, usatinamize. Asisi, mfundo yanu ndaimva ndipo ndi yoona. Koma taonani zimene anapempha atamuuza kuti azigwira nawo ntchito. Sanangoti zikomo bwana. Anati muwonjezere ndalama, mundilipirire wondionera ana, ndipo mufufuze za Roman, bambo wa mwana wanga woyamba, amene anasowa zaka 15 zapitazo apolisi osalabadira. Amadziwa mtengo wake. Ife timalandira chilichonse chimene atipatsa n'kuthokoza kawiri. Ndipo zovala zake zija, timasiketi ndi majombo ndi zikhoti zaubweya, sanasinthe kuti afanane ndi Karadec, wapolisi wa tayi amene amagwira naye ntchito uja.

Mlamu (Leeds): Alamu, mukukamba zoti ife kuno sitinazione. Ifetu zathu ndi Strictly Come Dancing Loweruka lililonse pa BBC One. Chaka chino muli Chris McCausland, wanthabwala wosaona, akuvina ndi Dianne Buswell. Munthu sakuona pansi, sakuona mnzake, sanaonepo n'komwe gule amene akuphunzirayo, koma akuponya mapazi molondola. Kunyumba kwathu timakhala chete akamavina. Za masizoni a magawo 22 kuno kulibe, sewero limakhala magawo 6, latha, mudikire zaka ziwiri.

Wa ku Randburg: Kuno ku Joni za masizoni sitizidziwa. Uzalo, Skeem Saam, Generations, Lolemba mpaka Lachisanu, chaka chonse. Generations inayamba 1994, anthu anabadwa, akwatira, ikadalipo.

Bambo a Chisomo (Dallas): Ndiye muziti Gibbs wakhalitsa. Grey's Anatomy ili mu sizoni ya 21. Law & Order: SVU ya 26. The Simpsons ya 36.

Gogo NaZimbiri (Indianapolis): Ana anga, ndalemba pa foni ya mwana wanga. Ine ndinabwera kuno kudzalera adzukulu, Chingerezi cha pa TV chimandithamangira koma za mayi wa maswiti uja ndimazitsata, mpongozi amandimasulira. Ndamva mukunena kuti kuno okalamba saoneka. N'zoona. Ndikapita kusitolo palibe amene amandipatsa moni. Koma musamakambe ngati kwathu zonse zili bwino. Kwathu nkhalamba imaoneka, eya, koma nthawi zina imaoneka moipa. Mwana akadwala, mvula ikakana, wina akafa mwadzidzidzi, chala chimaloza gogo wa kumapeto kwa mudzi kuti ndi mfiti. Anzathu ena anawagwetsera nyumba, ena anaphedwa ndi adzukulu awo omwe, munazimva pa wailesi. Ndiye pakati pa kusaonedwa ndi kuonedwa ngati mfiti, ine sindidziwa chabwino n'chiti.

NaBanda (South Bend): Agogo, mwatikhazika pansi. Palibe chowonjezera.

Namwino (Maryland): Zoona agogo. Timakonda kudzitama kuti ife timasamala makolo athu, azungu amataya awo. Zonse ziwiri zili ndi bodza lake.

Gogo NaZimbiri (Indianapolis): Koma chinanso, mayi ameneyu akundidandaulitsa. Akumuphunzitsa mdzukulu wake bodza. Kamnyamata kaja, Alfie, kali pa kompyuta usiku kuthandiza agogo ake kuba zinsinsi m'malo mowerenga za kusukulu. Mayi ake anafa, ndiye mukamusenzetsanso mlandu wa imfa ya mayi akewo? Mwamuna wake uja amayesa kumuletsa koma samva. Ine ndikanakhala mnansi wake ndikanamuyendera.

Aphunzitsi (Boston): Agogo mwagwira pamene pali mphamvu ya seweroli. Amene analikonza, Jennie Snyder Urman, yemwe uja wa Jane the Virgin, sanamupange mayiyu kukhala woyera. Akunamiza Olympia, bwana wake, mkazi wakuda amene wavutika kuti afike pamene alipo, ndipo sabata iliyonse Olympia akumukhulupirira kwambiri. Tsiku lidzafika loti adziwe kuti mnzake amene ankamuuza zakukhosi uja anali kazitape. Pamenepo sitidzadziwa woti timumvere chisoni.

Ndipo nkhani ya mankhwalayo si yopeka, ngakhale kampani ya m'seweromo, Wellbrexa, ndi yopeka. Purdue Pharma, ya banja la Sackler, inatulutsa mankhwala a opioid otchedwa OxyContin mu 1996 n'kumauza madokotala kuti chiopsezo choti munthu azolowere mankhwalawo n'chochepa. Kampaniyo inavomera milandu kukhoti mu 2007 komanso mu 2020. Zaka za 2021, 2022 ndi 2023, anthu oposa 100,000 pachaka amafa kuno chifukwa chomwa mankhwala mopyola muyeso, ambiri mwa iwo ndi a opioid, makamaka fentanyl masiku ano. Mu Juni chaka chino Khoti Lalikulu linakana mgwirizano umene ukanateteza banja la Sackler kuti lisasumiridwenso. Ndiye anthu ambiri amene akuonera Matlock Lachinayi madzulo ali ndi manda awo amene akuwakumbukira.

Namwino (Maryland): Chodabwitsa n'choti sewero likangoima kaye, malonda amene akubwera ndi a mankhwala omwe. Anthu akuvina pa udzu, mawu akuthamanga kunena kuti mankhwalawa atha kukupha. Maiko amene amalola kutsatsa mankhwala olembedwa ndi dokotala pa TV chonchi ndi America ndi New Zealand basi.

NaBanda (South Bend): Bola a mankhwalawo. Ife kuno tili m'malire ndi Michigan, ndiye Okutobala yense tinamwa malonda a ndale mpaka kukhuta. Chisankho chitadutsa pa 5 Novembala ndinapuma.

Wadada (Seattle): Anthu akuluakulu, mukukamba za ma TV a mlongoti ngati tili mu 2005. Sewero la chaka chino ndi The Penguin pa HBO, latha pa 10 Novembala, magawo 8, opanda malonda. Colin Farrell simungamuzindikire, munthu wa ku Ireland uja anamumata nkhope yonse, akuyenda chotsimphina. Koma amene wabera onse ndi Cristin Milioti ngati Sofia Falcone. Gawo lachinayi, lomwe akuonetsa momwe bambo ake anamutsekera ku chipatala cha amisala cha Arkham, palibe cha pa CBS chimene chingafikepo. Anti, ngati mukufuna mkazi amene anthu anamuderera n'kuwaonetsa zakuda, ndi ameneyo.

Mlamu (Leeds): Limenelo ndiye tinaonera pa Sky. Gawo lomaliza linandinyansa, ndinagona osadya. Sindinena kanthu, koma munthu uja ndi chilombo.

NaBanda (South Bend): Ndinaonera magawo atatu. Ndi lopangidwa bwino, sindikana. Koma mdima wake wachuluka, ukatha kuonera umamva ngati wasenza katundu. Komanso Wadada, Penguin si wa mu Batman? Ndiye amene umandinena za zakale uja ndiwe?

Wadada (Seattle): Anti mwabwezera.

Mtsikana wa ku 25 (Lilongwe): Ine bandulo yanga inathera pa Nobody Wants This pa Netflix. Kristen Bell ndi Adam Brody, mtsikana wosapemphera wakondana ndi rabbi wa Chiyuda, apongozi sakumufuna. Magawo ake ndi aafupi, ndinamaliza usiku umodzi magetsi atandikomera mtima. Zangokhala ngati za kuno, mwana wa abusa akabweretsa mtsikana wa mpingo wina, amayi a chigwirizano onse maso tong'o.

Wa ku Randburg: Mpongozi wake wamkazi uja ndimamudziwa, amakhala ku Chilomoni.

Namwino (Maryland): Za zipatala ndiye mundisiyire ine. Chaka chino atipatsa atatu. Doctor Odyssey pa ABC, la Ryan Murphy, Joshua Jackson ndi dokotala wa pa sitima ya anthu okasangalala panyanja. Anthu atatu okha akuchita opaleshoni, akuchiza matenda oti ine zaka zonsezi sindinawaonepo, kenako madzulo akukavina atavala zoyera zopanda ndi banga lomwe. Ndinasiya. Brilliant Minds pa NBC lili bwinoko. Zachary Quinto ndi dokotala wa ubongo ku Bronx amene sazindikira nkhope za anthu, ndipo analitengera pa moyo wa Oliver Sacks, dokotala weniweni amene anali ndi vuto lomwelo, anamwalira 2015. Vuto lake n'loti dokotala ameneyu amakhala ndi wodwala mmodzi sabata yonse, mpaka kumutengera pa njinga yamoto. Chipatala chake chiti?

Koma St. Denis Medical, abale. Magawo awiri okha atuluka koma ndaseka mpaka misozi. Amajambula ngati kuti ndi zenizeni, anthu n'kumayankhula ndi kamera, monga muja achitira mu Abbott Elementary. Chipatala cha ku Oregon chopanda ndalama, antchito ochepa, bwana wamkulu akulota zogula makina odula pomwe zinthu wamba zikusowa, namwino wamkulu, Allison Tolman, akulephera kuweruka kuti akaone mwana wake akuchita sewero kusukulu. Ameneyo ndi ine. Achemwali NaBanda, pa mndandanda wanu wa awiri uja muwonjezerepo limeneli.

NaBanda (South Bend): Magawo awiri ndi ochepa asisi. Tidzakambirane likafika Febuluwale.

Bambo a Chisomo (Dallas): Palibe amene watchula Happy's Place? Reba McEntire bambo ake amwalira, amusiyira bala ku Tennessee. Akupita kukatenga, loya akumuuza kuti theka ndi la mng'ono wake amene sanamvepo n'komwe kuti alipo, kamtsikana koti n'kukhala mwana wake. Ine ndinaseka osati chifukwa cha nthabwala zake, koma chifukwa nkhani imeneyi tonse tinaionapo pa maliro. Bokosi lisanatsike, kwatulukira mayi wina ndi ana awiri ofanana ndi malemu mphuno.

Wa ku Randburg: Kusiyana kwake n'koti kumeneko bamboyo analemba wilu. Kwathu akanangosiya chisokonezo, achibale a kuchimuna n'kubwera ndi lole.

Aphunzitsi (Boston): Lamulo lilipo kwathu, la chuma cha masiye la 2011, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Malamulo aakulu a dziko amanenanso kuti ana onse ndi ofanana posatengera momwe anabadwira. Koma kulemba wilu anthu amati n'kudziitanira imfa.

NaBanda (South Bend): Happy's Place ndi Poppa's House vuto langa ndi kuseka kwa anthu kumene amaika kumbuyo kuja. Munthu wangotsegula chitseko, chikhakhali. Mu Poppa's House, Damon Wayans ndi mwana wake amagwirizana bwino, zimaoneka kuti ndi bambo ndi mwana enieni, koma nkhani palibe. Ndipo chimene chikundiwawa n'choti Bob Hearts Abishola anaithetsa mu Meyi patatha masizoni asanu. Folake Olowofoyeku, namwino wa ku Nigeria ku Detroit, azakhali ndi amalume ake m'nyumba imodzi, kutumiza ndalama kumudzi, mpingo wodziwa nkhani za aliyense. Limene lija linali lathu ngakhale kuti Chiyoruba sitimva. Pa atsopanowa sindinaone lolowa m'malo mwake.

Namwino (Maryland): Pamenepo ndi pamene ndimanena paja. Okolopa ndi osamala okalamba enieni m'dziko muno ambiri ndi obwera, a ku Africa, a ku Haiti, a ku Mexico, a ku Philippines. Koma nkhani ya wokolopa wanzeru ikafika pa TV, nkhope yake si yathu.

Wadada (Seattle): Ndiye tilembe tokha anti. Mayi wa ku Ntcheu akugwira madabulo ku Indiana, usiku akuthetsa milandu ya pa gulu la WhatsApp la kumudzi.

NaBanda (South Bend): Ukandiike ine, malipiro tikambirana.

Bambo a Chisomo (Dallas): Inu sekani, ine ndili pa chisoni. Blue Bloods ikutha pa 13 Disembala patatha masizoni 14. Kuyambira 2010 Lachisanu lililonse ndakhala ndi Tom Selleck ndi banja la Reagan. Anthu amati ndi sewero la apolisi, koma ine ndimaonera tebulo lija la Lamlungu. Agogo, bambo, ana, adzukulu, onse pamodzi, apemphera, akangana, wina wakwiya koma sachoka patebulo. Ana anga kuno aliyense amadyera kuchipinda kwake ndi foni. Anthu akuonerabe mwaunyinji, Selleck mwini wake ananena poyera kuti safuna lithe, koma akuti ndi lodula kupanga. Ndiye alithetsa kuti atipatse dokotala wa pa sitima.

Aphunzitsi (Boston): Wa pa sitimayo ndi wa ABC bambo, musawasenzetse a CBS mlandu wa eni.

Bambo a Chisomo (Dallas): Onse ndi amodzi.

Gogo NaZimbiri (Indianapolis): Ana inu mwasiya nkhani pakati. Ine ndikufuna ndidziwe, wabisa mapepala uja ndi ndani? Mpongozi akuti oganiziridwa ndi atatu.

NaBanda (South Bend): Atatu agogo. Olympia, mwamuna wake Julian amene akusudzulana naye, ndi bambo ake a Julian, mwini ofesi, amene amangomutcha Senior, Beau Bridges uja. Ine ndikuti ndi Senior. Munthu woseka ndi aliyense chonchija ndi amene amakhala ndi zonyansa m'kabati.

Wadada (Seattle): N'zoonekeratu kwambiri anti, olemba sangapange zimenezo. Ndi Olympia. Akufuna timukonde kaye kuti zidzatipweteke.

Namwino (Maryland): Akangoyerekeza kumupanga Olympia kukhala wolakwa, ine ndi CBS tasiyana. Mkazi wakuda mmodzi yekhayo pamwamba ndiye akhale wakuba?

Gogo NaZimbiri (Indianapolis): Nonse mwaphonya. Ndi mnyamatayo, Julian. Mwana amene amafunitsitsa kuti bambo ake amuyamikire amachita chilichonse chimene watumidwa, ngakhale chimene sanatumidwe. Ndalera ana asanu ndi awiri, ndikudziwa.

Bambo a Chisomo (Dallas): Ine sindinaonereko ngakhale gawo limodzi, koma ndaima ndi agogo. Ndabetcha nkhuku.

Wadada (Seattle): Ya ku Walmart kapena yachikuda, ankolo? Tigwirizaniretu pano anthu akuona.